Duduki Yopanda Bango

Gyumri, 14 Disembala 1997

Achimwene a Zaven,

Landirani moni wa ife tonse. Kaya inu ndi alamu anga a Nvard muli bwanji uko ku Rostov? Kuno tilipo. Amayi ayamba kudya pang'ono, kungoti m'mawa amaphikabe khofi wa anthu awiri, kenako n'kukhala pansi kumayang'ana kapu inayo mpaka kuzizira.

Za maliro musadziimbe mlandu. Tonse tikudziwa kuti mukanatuluka m'dzikomo ndi mapepala anu osakwanirawo sakanakulolani kubwereranso, ndipo woyamba kukutukwanani akanakhala abambo omwewo. Anthu anabwera ambiri, mpaka ena kuima pa msewu chifukwa kanyumba kathu kachitsuloka mukukadziwa. Koma pali chinthu chimene chikundidya mumtima. Abambo athu a Vardges anaperekeza theka la mzinda uno ku manda ndi duduki yawo, chitoliro chamtengo chija, ndiye pa maliro a iwo eni duduki sinalire.

Sikuti woimba anasowa ayi. A Onik a kumsika anabwera ndi yawo. Pa manda anapita kwa amalume a Mukuch n'kunena kuti, "Akulu, ndigwirireni liwu lapansi tiwaperekeze anzathuwa." Amalume, manja ali m'thumba, anangoti, "Ndilibe choimbira." A Onik anati, "Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu mukuwagwirira a Vardges, lero mulibe choimbira?" Inu mukudziwa kuti duduki imodzi siyenda yokha pa maliro, ndiye a Onik anangobweza yawo m'jekete. Tinawaika abambo tikumva mafosholo okha.

Amayi anena kuti duduki ya abambo ndi ya mwana wawo wamwamuna. Ndayipereka kwa a Razmik a lole aja pamodzi ndi kalatayi, ndayikulunga mu sikafu ya abambo. Musadabwe kuti ilibe bango lake louzira lija. Kachitini ka mabango tinakapeza kopanda kanthu, ndipo amene anatsala yekha m'chipinda ndi mtembo, bokosi lisanatuluke, ndi amalume. Dzulo atamva kuti katundu wakwera kale mu lole anabwera akupuma ngati ng'ombe. "Mwatumiza? M'chisanu chino? Osandifunsa?" Amayi anati, "Tikufunse kuti ndi yako?" Amalume anatuluka n'kumenyetsa chitseko mpaka chithunzi cha agogo kupendekeka.

Ine ndikuti ankayifuna. Inu mukuti bwanji? Maapurikoti ouma ali m'kathumbamo ndi a alamu anga, inu musamalize nokha.

Ndine mlongo wanu,
Arpenik

Rostov, 11 Januwale 1998

Mlongo wanga Arpenik,

Moni kwa iwe ndi amayi. Ife tili bwino. Ndikujambulabe mapulani a nyumba za anthu ena, Nvard akusokabe. A Razmik anafika chaka chitatha kale, akuti chipale chofewa chinawatsekera njira kumapiri masabata awiri.

Phukusi lija ndinakhala nalo pa tebulo tsiku lonse osalitsekula. Nditamasula sikafu ndinamva fungo la fodya wa abambo. M'mbali mwa mabowo mtengo unaperepeseka, zala zawo zinakumba timaenje, ndipo nditaikapo zanga sizinakwanire bwino. Popanda bango ndi kamtengo chabe ka mabowo. Ndinauzira, munangotuluka mpweya.

Za amalume usafulumire kuwaweruza. Mwina sanafune kuti ibwere kwa ine chifukwa akundidziwa. Iwe unali wamng'ono, sungakumbuke. Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi amalume anagona ndi chibayo, ndiye abambo ananditenga kuti ndikhale damukashi wawo, woimba wachiwiri uja amene amangogwira liwu limodzi osadukiza pamene mwini nyimbo akuyenda pamwamba pake. Anandiphunzitsa ndi kaphesi m'kapu ya madzi, kuti thovu lisaleke kutuluka ngakhale pamene ndikukoka mpweya ndi mphuno. Masabata atatu ndinaima pambali pawo. Sananene kuti ndachita bwino, sananenenso kuti ndalakwitsa. Tsiku lina ndili ndekha ndinayesa nyimbo yeniyeniyo, ija amaimba bokosi likamatsika. Ndinamva mawu awo kuchokera kuseri kwa khoma: "Ukuthamangira kuti? Wakufayo sathawa." Ndinaika duduki pansi. Zaka ziwiri pambuyo pake ndinapita ku yunivesite kukaphunzira masamu, kumene munthu ukalakwitsa amakuonetsa mzere umene walakwitsapo.

Ndiye ngati amalume atumiza thupi n'kusunga lilime, ine ndamva zimene akunena, ndipo sindikuwatsutsa.

Ndayiika pa kashelefu pamwamba pa chitsulo chotenthetsa nyumba, pamalo ofunda kuposa pena paliponse muno. Zaka zisanu ndi zinayi abambo anazizidwa m'kanyumba kachitsulo kaja chichitikireni chivomezi, ine ndili kuno kofunda. Ndaona kuti chinthu chawo chimodzi chokhachi chisamvenso chisanu.

Undiuze mmene mwambo wa tsiku la makumi anayi chimwalirireni abambo unayendera. Amayi mawondo ali bwanji?

Mchimwene wako,
Zaven

Gyumri, 2 Malichi 1998

Achimwene,

Moni. Kalata yanu ndawawerengera amayi kawiri. Pa mawu aja akuti wakufayo sathawa anaseka koyamba chichitikireni maliro, n'kuti, "Inenso anandiuza zomwezo tsiku la ukwati, ndikufulumira kulowa m'tchalitchi." Ndiye onani, a profesa, chimene mwasenza zaka zonsezi ena anachimva atavala velo ndipo sanathawire ku yunivesite.

Tsiku la makumi anayi tinapita ku manda, tinafukiza lubani, anthu anadya n'kumwazikana. Duduki sinalirenso. Amalume anaima patali ngati mlendo.

Tsopano mverani. Chiliza tidzaika pa 18 Novembala, chaka chikakwana. Amayi anenetsa kuti tsiku limenelo duduki ya abambo idzalira pa manda awo, ndipo wodzailiza ndinu. Ndinawauza kuti mwana wanuyo papita zaka zambiri asanagwire chitoliro. Anati, "Miyezi isanu ndi itatu ndi yochepa? Ine ndinamupanga yense wathunthu pa miyezi isanu ndi inayi." Ndiye zamapepala anuzo zifulumizeni.

Amalume ndinakumana nawo Loweruka pogula tchizi. Moni wanga sanayankhe n'komwe, anangoti, "Duduki ija akuipaka mafuta? Akuipumira?" Ine magazi anandikwera. Ndinati, "Ayipumira bwanji, poti bango munabisa ndinu?" Iwo anati, "Wayiika pati?" Ndinati, "Pamalo paulemu, pamene inu simungafikepo." Mayi wogulitsa tchizi mpaka anasiya kuyeza kuti amve bwino. Sindinawauze china chilichonse. Munthu amene anakana kuimbira mlamu wake asamafunse za katundu wa eni.

Kumeneko mabango sagulitsa? Anthu a kwathu mwadzaza mu Rostov, payenera kupezeka mmodzi wodziwa. Yankhani msanga.

Arpenik

Gyumri, 20 Meyi 1998

Achimwene,

Moni, ngati mukadali moyo. A Razmik abwera kawiri opanda kalata. Akuti anakuonani, mukuyenda ndi miyendo yanu, ndipo munawapatsa tiyi. Ndiye manja ndi amene athyoka?

Amayi akuti mwakwiya chifukwa chokukakamizani kuimba. Ine ndikuti mwina alamu anga sakufuna kuti mubwere. Ngati ndi choncho nenani, tisamangoyang'ana kumsewu. Mwala wa chiliza tasankha kale, wofiirira wa konkuno. Wosema akufunsa ngati ajambulepo duduki. Ndamuuza kuti adikire, chifukwa ngati ya pamwalayo ndi yokhayo imene idzakhalepo tsiku limenelo, kuli bwino asajambule.

Arpenik

Rostov, 9 Juni 1998

Mlongo wanga,

Moni kwa iwe ndi amayi. Nvard umusiye, alibe mlandu. Iye ndi amene wandiikira pepala ili patsogolo n'kunena kuti sindidya mpaka nditalemba. Makalata atatu ndinalemba n'kung'amba.

Duduki inang'aluka.

Linali tsiku la Lamlungu m'mawa mu Febuluwale, kalata yako ya Malichi isanalembedwe n'komwe. Tikumwa tiyi ndinamva kaphokoso ngati munthu wathyola kachitsotso ka machesi. Mng'alu wayambira kukamwa, kumene kumalowa bango, mpaka pa bowo lachiwiri. Chikhadabo chimalowa.

Chimene chikundipweteka n'chakuti ndinkadziwa. Abambo sankalola kuti duduki iyandikire mbaula, ndipo mwezi uliwonse ankaswa njere za apurikoti n'kupaka mafuta ake kunja ndi m'kati ndi kanthenga. Ndinaziona kambirimbiri. Koma itafika kuno sindinayione ngati chitoliro, ndinayiona ngati iwowo, ndiye ndinayifunditsa. Kapena mwina ndinayiika pamwamba kuti ndisamayigwire. Ndaganiza kwambiri ndipo sindikudziwa chowona n'chiti.

Pali zina ziwiri zoti ndiulule. Mapepala anga anatuluka mu Epulo, ndikhoza kubwera ndi kubwerera popanda vuto. Sindinakuuzeni chifukwa ndikanasowa pobisala. Chachiwiri, kuno kuli mkulu wina wa ku Vanadzor amene amagulitsa zitoliro. Ndinapita kwawo n'kusankha duduki yakuda yofanana ndi ya abambo, ndikuganiza kuti amayi maso anafooka, sangasiyanitse. Ndinayigwira m'manja, yosalala, yopanda timaenje ta zala, ndipo ndinachita manyazi n'kuyibweza. Bango lokha ndi limene ndinagula. Ndikaliika pa ya abambo mpweya umathawira pa mng'alu, liwu limatuluka ngati la mbuzi yodwala.

Amayi uwauze mmene ungathere. Koma kalata iyi upite nayo kwa amalume, awerenge okha. Anafunsa kuti ndayiika pati, ayenera kumva yankho. Ngati anaona kuti sindine woyenera, tsopano ali ndi umboni, ndipo ndiwatumizira duduki kuti ikhale yawo.

Zaven

Gyumri, 5 Julayi 1998

Iwe Zaven, mphwanga,

Moni. Ine sindilemba makalata, ndiye uwerenge bwino chifukwa sindibwereza.

Mlongo wako anabwera n'kundiponyera kalata yako pa tebulo ngati samani ya kukhoti. Ndawerenga. Ndiwe chitsiru, koma chitsiru chophunzira, ndiye upusa wako ndi wautali.

Duduki ya bambo ako sindinayifunepo. Ndikatani nayo? Ine nyimbo sindiyamba, ndimagwira. Ndinakwiya chifukwa akazi awiri anatenga mtengo umene wapumiridwa tsiku ndi tsiku zaka makumi anayi n'kuutumiza m'chisanu kupita m'nyumba ya mapaipi otentha, kwa munthu wopanda bango. Mtengo umenewo umamwa mpweya wa munthu. Ukasiya kuupumira umauma. Ndikanakulembera nthawi yomweyo, koma ndinati mwana wa Vardges sangafunike kuuzidwa. Pamenepo chitsiru ndine.

Za mabango. Bango limazolowera pakamwa pa munthu mmodzi. Mabango a bambo ako anali ndi zipsera za mano awo, sakanakuimbira iwe kapena wina aliyense. Ndinawaika m'thumba la jekete limene anapita nalo. Ndinaikamonso langa, chifukwa langalo ndi limene ankaimbira bambo ako ndinawasema kuchokera ku phesi limodzi ndipo ankamvana. Nditafika ku manda ndi pamene ndinazindikira kuti ndadzisiya wopanda choimbira. Onik atandifunsa ndinanena zoona. Ndikanati chiyani pamaso pa anthu, kuti kumbani? Amayi ako sindinawauze, ukuwadziwa pakamwa pawo. Ndi mlongo wanga, ndakhala ndikumuopa chibadwire.

Mng'alu si imfa. Tembenuza duduki uyang'ane kumunsi, pali kamzere kakuda. Imeneyo tinayifukula m'nyumba yogumuka patapita masiku anayi chivomezi chitachitika, itang'aluka kuposa pamenepo. Ndinamata ndi phula la njuchi n'kumanga ndi ulusi. Mwezi umenewo tinkaimba ku manda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Bambo ako ankati akafika pakati pa nyimbo kukhosi kumatseka, n'kuima. Ine ndinkangogwira liwu langa mpaka abwerere. Anthu anayamba kutama kuti Vardges amadziwa kukhala chete pamalo pake. Iye sanawatsutse, inenso ayi.

Anakuuza kuti ukuthamanga chifukwa unkathamanga. Kwa ine anati, "Mwanayu khutu ali nalo, koma amaopa kuti akaima agwa."

Chotsa duduki pamenepo lero. Ikulunge, uyiike m'kabati pakati pa malaya. Usapake kanthu, usamate ndi guluu wa kusitolo, ndingakuthyole zala. Bango wagulalo uziyeserera pa chitoliro chilichonse chobwereka kuti milomo ilimbe. Ubwere mu Okutobala, osati Novembala. Ndili ndi phesi limene lauma pa denga zaka zitatu, litulutsa mabango awiri, koma sindingaseme lako ndisanaone pakamwa pako.

Amalume ako,
Mukuch

Rostov, 30 Ogasiti 1998

Amalume,

Moni. Ndachita monga munanenera. Kamzere kakuda ndakaona. Ndabwereka chitoliro kwa mkulu wa ku Vanadzor uja ndipo ndikuyeserera m'mawa uliwonse ndisanapite ku ntchito. Masaya akupweteka, ndipo mayi wa m'nyumba yapansi anafunsa Nvard ngati taweta chiweto. Sindikulonjeza kuti ndidzatha. Ndifika pa 10 Okutobala ndi lole ya a Razmik.

Mphwanu,
Zaven

Rostov, 6 Disembala 1998

Mlongo wanga Arpenik,

Moni kwa iwe ndi amayi. Ndinafika bwino. Buledi wathu wa lavashi ndi kachasu wa mabulosi zafika zonse, kupatula botolo limodzi limene a Razmik akuti linasweka, ngakhale sindinaone magalasi ake.

Masabata asanu ndi limodzi ndinali kwathu koma iwe ndi ine sitinakhale pansi, iwe uli ndi alendo ndi wosema mwala, ine ndili m'kashedi ka amalume. Ndiye ndikulembere zimene sunaone.

Tsiku loyamba amalume sanandipatse moni. Anatenga duduki, n'kuyang'ana mng'alu ku dzuwa, n'kuti, "Masamu onse aja, osadziwa kuti moto umaumitsa." Anatenthetsa phula, analowetsa mu mng'alu ndi nsonga ya mpeni, n'kukulunga ulusi mizere makumi awiri. Kenako anati, "Yasamula." Anayang'ana mano anga ngati akugula bulu. Masiku asanu ndi limodzi anakhala akupala bango, kundiyesa, kupalanso. Anandikumbutsa kuthira madontho atatu a madzi m'kati, kutseka ndi kachivindikiro, n'kudikira kuti milomo ya bango itseguke yokha. Ndikafuna kulifinya kuti lifulumire ankandimenya pa dzanja ndi nsanza. Masiku otsalawo tinkaimba nyimbo imodzi yomweyo. Sananene kuti ndikuchita bwino. Tsiku lina anangoti, "Mbuzi ija yayamba kuchira."

Za ku manda unaona, koma unaona kuchokera kumene unaima. Lubani atayatsa, amalume anayamba, liwu lawo lija lotsika, ndipo ndinalowa. Poyamba zinayenda. Kenako zala zanga zinagwera m'timaenje ta abambo, ndinaona dzina lawo pa mwala, ndipo kukhosi kunatseka. Mpweya unakana. Ndinaima ndi bango pakamwa pamaso pa anthu onse aja, ndikudziuza kuti basi, ndawachititsa manyazi kachiwiri. Ndinafuna kutsitsa duduki. Koma liwu la amalume silinagwedezeke. Ndinawayang'ana cham'mbali, masaya atatupa, mtsempha wa pakhosi utaima, maso ali pa nsapato zawo. Sanandiyang'ane kuti fulumira. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Mpweya unabwera wokha, ndipo ndinapitiriza kuchokera pamene ndinasiyira mpaka kumapeto. Pawiri ndinaphonya, amalume anamva, a Onik anamvanso.

Tikutuluka pa chipata, a Haykanush, mayi okalamba aja amene anataya ana awiri pa chivomezi, anandigwira mkono. Anati, "Mwanawe, zala zako sizinafike pa za bambo ako, usanyengedwe. Koma paja unakhala chete paja, ndendende iwowo. Anakuphunzitsa liti?" Amalume anali kumbuyo kwanga akupukuta bango ndi mpango. Anati, "Zimenezo ndi za m'banja, mayi, sitiuza anthu." Mayiwo atapita amalume anandikoka khutu n'kuti, "Tsiku lina ukafuna kukhala chete ngati bambo ako uzindigunda ndi chigongono ndikoke mpweya. Ndatsala pang'ono kuwatsatira bambo akowo pomwepo."

Duduki ili m'kabati pakati pa malaya. M'mawa uliwonse ndimayitulutsa. Kuno ndilibe wondigwirira liwu, ndiye ndikaima m'nyumba mumangoti zii, koma ndayamba kuzolowera kudikira.

Chinthu chimodzi ndikupemphe. Amalume anandiletsa kuuza amayi za mabango a m'jekete, koma iwe sanakuletse, ndipo kalata yawo ndayiika muno. Uwawerengere. Adzakalipa, asiye akalipe. Akamaliza, ngati akuphikabe khofi wa anthu awiri, upite ukawaitane amalume adzamwe asanazizire.

Mchimwene wako,
Zaven